Mwana wangoti zii mkalasi, ndichite chani?

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa madamu ena ophunzitsa pa CDSS ina cha ku Ntcheu. Akuti mtsikana wa Fomu 3 yemwe amakhoza bwino wangoti zii, akumagona mkalasi, anzawo mu sitafu rumu akuti ndi ulesi kapena wapeza chibwenzi, ndiye akufunsa kuti iwo paokha angatani.

Madamu, nkhaniyi yandikhudza chifukwa ndinaionapo ndi maso anga ndikuphunzitsa pa sukulu ina yogonera konko kuno ku Dedza. Panali mnyamata wa Fomu 4, mayeso a MSCE atayandikira, nyengo yachisanu ija yomwe ngakhale choko chimavuta kugwira m'mawa. Aphunzitsi a masamu ankadziwa kuti malikisi ake atsika. Abodingi masita ankadziwa kuti ku prep sakupita, ndiye anamupatsa chilango chotchetcha udzu, mawa lake chokumba dzenje. Ophika ku khitchini ankaona kuti nsima yake akupatsa anzake. Alonda ndiye ankamupeza usiku atakhala yekha kuseri kwa hositelo, opanda juzi, mphepo ya Dedza ikuomba. Anthu onsewa ankapatsana moni tsiku ndi tsiku koma panalibe anauza mnzake zomwe waona, mpaka alondawo, bambo achikulire oti sanapite patali ndi sukulu, anakagogoda ku ofesi ya ahedi nkunena kuti bwana mwana uyu sali bwino. Titakhala pansi tonse m'pomwe zinatuluka kuti bambo ake anapita ku Joni nkusiya kuimba foni, mayi ake akudwala kumudzi cha ku Linthipe, ndipo iye woyamba kubadwa sakugona poganiza za azing'ono ake. Mayeso analemba, ametironi ndi afomu titcha atamasinthana kucheza naye.

Ndiye ine ndinene mosabisa, sukulu yomwe pa miting'i ya sitafu saitana alonda, ophika ndi ametironi ikuphonya zambiri zokhudza ana ake. Ndipo sitafu rumu zathuzi zina zasanduka malo a miseche, mwana wakuuza zakukhosi m'mawa, pofika buleki aliyense akudziwa ndipo ena akuseka. Zimenezo ndi nkhanza basi, mwana ameneyo sadzayankhulanso ndi wamkulu aliyense. Life Skills nayo timangoiphunzitsa kuti ana aloweze manotsi a stress ndi self-esteem akakhoze MANEB, mphunzitsi yemweyo akatuluka mkalasi nkumanena mwana kuti chitsiru.

Chinanso, tikangomva za matenda a maganizo timathamangira ku misala ndi ku Zomba Mental, ngati kuti pakati pa kukhala bwino ndi kuvula zovala pamsewu palibe kalikonse. Ana ambiri vuto lawo ndi nkhawa, chisoni cha maliro, njala, nkhanza za kunyumba, ena akuwakakamiza banja chonsecho malamulo anakweza zaka zokwatiwira kufika 18. Inkosi Kachindamoto pothetsa maukwati a ana kuno sanagwire ntchitoyo okha, anali ndi mafumu awo ndi magulu a amayi m'midzimu. Mapemphero ndimawakhulupirira, inenso ndimapemphera, koma tikamupempherera mwana timuperekezenso kuchipatala.

Nanga inu muchite chani

Muitaneni mtsikanayo poduka mphepo, osati mu sitafu rumu, mumuuze zomwe mwaona nkumusiya ayankhule, musafulumire kulangiza. Musamulonjeze kuti simuuza wina aliyense, muuzeni kuti muuza okhawo angathandize. Kenako pezani anzanu awiri osunga pakamwa, afomu titcha ndi ahedi kapena adepute, mugawane: wina acheze ndi makolo, wina aziona ngati akubwera ndi kudya. Mufunseninso mosazungulira ngati akuganiza zodzipha, kufunsa sikumupatsa maganizowo ayi. Akavomera asakhale yekha, mupite naye tsiku lomwelo ku chipatala chachikulu cha Ntcheu mukafunse oona za matenda a maganizo. Ngati pali nkhanza, ku ofesi ya Social Welfare kapena ku Victim Support Unit ya polisi. Nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere, ilembeni pa notisi bodi ana aziiona, ndipo pa miting'i ikubwerayi pemphani ahedi kuti alonda akhale nawo.