Mwafunsa za Galimoto: Kodi Trabant inalidi ya makatoni?

Funso: Bambo, malume anga anakagwirako ntchito ku East Germany m'zaka za m'ma 1980, monga anachitira anyamata ambiri a kuno ku Mozambique. Sakhalitsa osasimba za kagalimoto kotchedwa Trabant. Akuti kanali ka makatoni, komanso munthu ankadikira zaka zambirimbiri kuti akapeze. Kodi n'zoona? Nanga ngati kanali kachabechabe, ankakalimbirana chifukwa chiyani?
Wowerenga wa ku Ulongwe, Angonia

Yankho: Achimwene, za kudikirazo malume anu akunena zoona. Munthu ankalembetsa dzina n'kukhala zaka zoposa 10 galimoto isanabwere, moti yogwiritsidwapo kale ntchito inkatha kudula kuposa yatsopano. Za makatoni zija kunali kunyoza chabe.

Trabant ankaipanga mumzinda wa Zwickau, pa fakitale ya boma ya Sachsenring, kuyambira 1957 mpaka 1991, ndipo zonse pamodzi zinaposa 3 miliyoni. Imene malume anu anaiona m'misewu iyenera kuti ndi Trabant 601, yomwe inatuluka mu 1964. Chigoba chake chamkati chinali chachitsulo ndithu. Zitseko, denga, boneti ndi zotchinga zam'mbali ndizo ankapanga ndi Duroplast, zinyenyeswa za thonje lochokera ku Soviet Union zosakaniza ndi utomoni wa m'fakitale, n'kuzipsinja pa moto mpaka ziume gwa. Anatero chifukwa malata abwino opangira galimoto ankasowa m'dzikomo. Ineyo ndimawapatsa ulemu amisiri amenewa. Duroplast sichita dzimbiri ndipo ndi yopepuka, galimoto yonse inkangolemera makilogalamu 600 ndi pang'ono. Chovuta chake chinadzaoneka pa kutaya, chifukwa siola ndiponso siisungunuka.

Injini ndi imene inaipitsa mbiri yake. Inali ya masilinda awiri, 594 cc, mtundu wa two-stroke, ngati tija timajeneleta tating'ono timene timathira oyilo m'petulo momwemo. Poyamba muyezo unali lita imodzi ya oyilo pa malita 33 a petulo, pambuyo pake anafika pa malita 50. Oyiloyo ankapsa limodzi ndi petulo, n'chifukwa chake kumbuyo kunkatuluka utsi wabuluu wonunkha. Mphamvu yake inali 26 horsepower, ndipo ikathamanga kwambiri inkafika cha m'ma 100 km pa ola.

Koma taonani nzeru zake. Inalibe radiyeta, injini inkazizira ndi mphepo ya fani. Inalibenso pampu ya petulo: thanki anaiika kutsogolo pansi pa boneti, pamwamba kuposa injini, ndiye petulo ankatsika yekha. Pofuna kudziwa kuti watsala wochuluka bwanji, ambiri ankatsegula boneti n'kuviika kandodo. Thanki kukhala pamenepo n'koopsa pa ngozi, zimenezo sindingabise. Komabe zinthu zowonongeka zinali zochepa, ndipo mwini wake ankakonza yekha pakhomo ndi masipanala owerengeka. Kwa banja lomwe linadikira zaka zonsezo, kagalimoto aka kanali chuma, ankakasamala kuposa chilichonse. Injini yopingasa yokoka ndi mateyala akutsogolo, mu 1957 inali nzeru yabwino ndithu.

Chimandipweteka n'chakuti amisiri a ku Zwickau sanagone. Anajambula galimoto zina zamakono, monga P603 ya m'zaka za m'ma 1960, koma akuluakulu a chipani cholamula ku East Berlin anakana kuikapo ndalama. Ndiye 601 inangokhala momwemo zaka zoposa 25, anzawo a ku West Germany akusintha magalimoto awo chaka ndi chaka. Mlandu waukulu ndimauika pa olamulirawo.

Khoma la Berlin, lomwe linkalekanitsa East Berlin ndi West Berlin, litatseguka pa 9 November 1989, dziko lonse linaona mizere ya ma Trabant ikuwolokera kumadzulo, ndipo pambali pa Volkswagen Golf kapena Mercedes inaonekeratu kuti yatsalira kutali. Mu 1990 anaiikamo injini ya Volkswagen Polo ya four-stroke, yosafuna kuthira oyilo m'petulo, koma ogula anali atatembenukira kale ku magalimoto akumadzulo. Yomaliza inatuluka m'fakitale pa 30 April 1991. Lero ku Germany kuli magulu a anthu oikonda amene akuiyendetsabe, ndipo ina imasungidwa ku August Horch Museum ku Zwickau komweko.