Kwa mphwanga amene wangopatsidwa uhedi: za aphunzitsi opempha transfa

Eee, mphwanga, ndi malume ako pano. Uthenga wako wa pagulu uja ndauwerenga, koma kulemba pafoni kumandichedwetsa, ndiye ndingoyankhula, umvetsere ukapeza mpata. Ukuti chikupatsire uhedi pasukulu yakumudzi ija, aphunzitsi atatu abwera kale kudzapempha transfa, ena akufika mochedwa, ena akungokhala pansi pa mtengo ana ali m'kalasi, ndipo ukufunsa kuti uwalimbikitse bwanji poti malipiro sukuwonjezera ndiwe. Funsoli ndi labwino, ndipo ndasangalala kuti walifunsa molawirira, usanayambe kukalipa.

Choyamba, usawalonjeze zimene sizili m'manja mwako. Malipiro ndi a boma. Kukweza munthu kuchoka pa giredi ya PT4 kupita pa PT3 ndi nkhani ya Teaching Service Commission, bungwe la boma loona za ntchito ya aphunzitsi, hedi alibe mphamvu pamenepo. Kuchepa kwa aphunzitsi nakonso sikunayambe ndi iwe. Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi, boma mpaka linalemba anthu zikwizikwi osaphunzira zauphunzitsi kuti akagwirire makalasi. Kuyambira nthawi imeneyo makalasi, nyumba ndi aphunzitsi sizinakwanirepo. Papepala amati mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma iwe ukudziwa zimene zili mu Sitandade 1 pasukulu pakopo. Onjezerapo kugwa kwa kwacha kwa mu November 2023, pomwe inatsitsidwa ndi 44 peresenti, sopo ndi shuga zikukwera koma malipiro akutsalira m'mbuyo. Ndiye munthu akabwera kwa iwe nkhope ili yakugwa, usamutenge ngati waulesi. Ambiri mwa iwo ndi otopa.

Koma tamvera. Pa zaka zimene ndinagwira ntchito imeneyi, ndinaona masukulu awiri a zoni imodzi, malipiro ofanana, msewu woipa womwewo, koma kwina aphunzitsi akuthawa, kwina akukhazikika mpaka kulima minda. Kusiyana kwake kunali hedi. Mphunzitsi amapirira zambiri akamaona kuti pali munthu amene akumuyimira. Akaona kuti ali yekha, amalemba kalata ya transfa.

Yamba ndi nyumba. Ndikuti nyumba, mphwanga, usanaganize za msonkhano uliwonse wowalimbikitsa. Mawa ukaweruka, pempha kuti ulowe m'nyumba iliyonse ya aphunzitsi, uione ndi maso ako. Denga likudontha pati? Chitseko chimatsekeka? Chimbudzi chilipo, kapena banja la mphunzitsi likulimbirana chimbudzi ndi ana asukulu? Madzi akutunga kutali bwanji? Mphunzitsi wamkazi wongotuluka kumene ku TTC, koleji ya aphunzitsi, amutumiza kumudzi kumene sadziwa munthu, ndiye agone m'nyumba yopanda loko, ukuganiza kuti akhala teremu yachiwiri? Sakhala. Ndipo aja ukuti akufika mochedwa, uwafunse kaye kumene akukhala. Ukapeza kuti ena akuchita lendi pa trading centre, akupalasa njinga mtunda wautali m'mawa uliwonse, nthawi ya mvula mtsinje ukadzaza amadikira madzi aphwe.

Ukaona zimenezi, usazisenze wekha. Itana komiti ya sukulu, a PTA, amayi a mother group, ndipo upite wekha kwa a gulupu, osatuma mwana ndi kalata. Uwauze mosabisa kuti aphunzitsi akuchoka chifukwa cha pogona, ndipo amene akuluza ndi ana awo. Anthu akumudzi akamvetsa, mchenga amatuta, madzi amatunga, chimbudzi amakumba. Zazikulu, monga nyumba yatsopano, zidutse ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, zipite ku komiti ya chitukuko ya dera, ADC, kuti zilowe pa mndandanda wa chitukuko cha dera, chifukwa ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu, zimamanga nyumba za aphunzitsi m'madera ambiri, koma zimapita kumene anthu akuzikumbutsa. Musanaumbe njerwa mufunse kaye ku khonsolo, pajatu masiku ano boma likufuna njerwa za simenti pa zomanga zake, osati zootcha. Ndalama za SIG zija, zimene boma limapereka zotukulira sukulu, ndi zochepa, ndipo zimayendera pulani imene mwagwirizana ndi komiti, koma uziwerenge poyera pamaso pa aphunzitsi onse, uzimate pakhoma kuti zabwera zingati ndipo zagula chiyani. Palibe chimene chimawononga mtima wa aphunzitsi msanga ngati kukayikira kuti ahedi ndi atcheya akudya okha.

Ndipo nyumba zikachepa, gawani mwachilungamo chooneka. Osati yabwino ipite kwa amene mumapemphera naye tchalitchi chimodzi kapena wochokera boma limodzi ndi iwe. Mugwirizane pa msonkhano wa aphunzitsi kuti oyamba kuganiziridwa ndi ati, kaya ndi amene ali ndi ana aang'ono, kaya amayi okhala okha, kenako utsate zimenezo ngakhale zikukuwawa.

Tsopano nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi kagawidwe ka makalasi. M'masukulu ambiri aphunzitsi amene hedi amawadalira amawaunjika ku Sitandade 8, atatu kapena anayi pa ana ochepa, chifukwa zotsatira za mayeso omaliza pulayimale a PSLCE ndi zimene zimatchukitsa sukulu. Ndiye ku Sitandade 1, kumene ana apitirira 100, amaikako mtsikana watsopano yekha, kapena mphunzitsi amene akufuna kumulanga. Mwana ameneyo amaweruka mawu atasasa, ana akulira, ena akumenyana, ena sadziwa n'komwe kugwira pensulo, ndipo palibe amene amamuuza kuti zikomo. Zotsatira zikatuluka, amene amaomberedwa m'manja ndi a Sitandade 8. Koma ndani anaphunzitsa anawo kuwerenga? Mwana amene sanadziwe kuwerenga ku infant, ndiye kuti Sitandade 1 ndi 2, mphunzitsi wa Sitandade 8 sangamupulumutse, ngakhale awonjezere maphunziro a m'mamawa chaka chonse. Ndondomeko ya boma yophunzitsa ana kuwerenga, National Reading Programme, itayamba mu 2016, cholinga chake chinali chomwecho, kuti mphamvu zipite ku makalasi oyambirira. Ndiye iwe uike aphunzitsi ako amphamvu ku infant, ndipo ngati n'kotheka akhale awiri m'kalasi yodzadza. Poyamikira, uyambe ndi iwowo, pamaso pa makolo.

Iwenso uziphunzitsa. Usakhale hedi wa mu ofesi ndi makiyi. Tenga phunziro limodzi kapena awiri, ulembe ma scheme ako, ulembe lesson plan ngati wina aliyense, ulowe m'kalasi nthawi yake. Ukamafika pasukulu belu lisanalire, choko chili m'manja, sufunikanso kukalipira anthu za kuchedwa, ambiri amachita manyazi okha.

Pali kanthu kena kooneka kakang'ono koma kamagawa aphunzitsi kwambiri: maphunziro a kunja okhala ndi alawansi. Kalata ikabwera kuti mutumize mphunzitsi ku TDC, malo ochitira maphunziro a aphunzitsi a m'zoni, kapena ku boma, kapena mabungwe akaitana, mahedi ambiri amapita okha kapena kutumiza anthu omwewomwewo. Anzawo amangoona wina akubwera ndi nkhuku pa njinga. Lemba mayina onse m'kope, uzisinthasintha, aliyense adziwe kuti nthawi yake ifika. Pokhapokha ngati maphunzirowo ali a kalasi inayake, pamenepo apite mwini kalasi, ndipo akabwera adzafotokozere anzake zimene waphunzira. Chimodzimodzi pakafunika mayina a okayang'anira mayeso a MANEB.

Chinanso, mapepala awo uziwayendera ngati ndi ako. Mphunzitsi watsopano dzina lake silinatuluke pa malipiro, wina sanalandire ndalama ya tchuthi, leave grant, wina ali kumudzi koma alawansi ya kumidzi sakulandira, wina ali ndi ma arrears, ndalama zakale zimene sanalipidwe. Usangomuuza kuti pitani ku boma mukafunse. Ulendo wa ku boma ndi thiransipoti ya m'thumba mwake, ndipo kalasi imatsala yopanda munthu tsiku lonse. Lemba kalata, usunge kope, upereke kwa a PEA, mlangizi wa masukulu a m'zoni yanu, ndipo sabata yotsatira uwaimbire kufunsa pomwe yafika. Ukamapita ku ofesi ya maphunziro pa nkhani zina, tenga mndandanda wa madandaulo onsewo. Mwina ndalamazo zichedwabe, koma munthuyo adzadziwa kuti ahedi ake anamuyendera. Ndipo m'miyezi imene akudikirayo, usamusiye agwe m'manja mwa a katapila. Mphunzitsi amene khadi lake la ku banki lili kwa wokongoza ndalama, maganizo ake sali m'kalasi. Yambitsani kathumba ka aphunzitsi, kaya banki mkhonde yanuyanu, kaya chipereganyu, kuti pa matenda ndi pa maliro muzithandizana. Pakagwa zovuta kwa mphunzitsi, iwe ukhale woyamba kufika pasiwa, ndipo ukonze zoti wina agwirire kalasi yake popanda iye kupempha.

Za TUM usaziope. Ndi bungwe loyimira aphunzitsi, ndipo iwenso ndiwe mphunzitsi. Ukukumbukira 2021, aphunzitsi atanyanyala ntchito pofuna alawansi ya chiopsezo cha Covid-19. Nthawi ngati zimenezo, hedi amene amaopseza anzake kuti awalemba mayina amatsala ndi udani umene sutha ngakhale sitiraka itatha. Uziuza akuluakulu zoona zimene zikuchitika pasukulu, koma osasanduka kazitape wa anzako.

Podzudzula, mphwanga, apa umvetsetse. Usadzudzule mphunzitsi pa asembule, kapena pakhomo la kalasi ana akumva. Ukatero wamulanda ulemu umene amaphunzitsira. Muitanire mu ofesi, mukhale awiri, umufunse kaye chimene chachitika, kenako unene molunjika chimene chalakwika ndi chimene ukufuna chisinthe. Ndipo ena mwa iwo ndi akulu kwa iwe, anayamba ntchito iwe uli pa sukulu, mwina ankayembekeza kuti uhediwo ukhala wawo. Amenewo uwapatse ulemu wawo, uziwafunsa nzeru, mmodzi umupatse kuyang'anira section, chigawo cha makalasi, wina asamalire aphunzitsi atsopano. Ukalowa m'kalasi kukaonerera phunziro, umuuziretu mwini kalasi, ukhale kumbuyo mwakachetechete, ndipo pokambirana uyambe ndi chimene wachita bwino, chenicheni, monga mmene wagwiritsira ntchito zitsekerero za mabotolo pophunzitsa masamu. TALULAR ija, yophunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi, timaiyimba pakamwa, koma amene akuichitadi amafuna wina aone.

Kholo likabwera litakwiya, lisalowe m'kalasi kukatukwana mphunzitsi. Lifikire kwa iwe, ulimvere, umvenso mbali ya mphunzitsi, kenako muweruze ndi a komiti. Koma kuyimira aphunzitsi kuli ndi malire ake, ndipo apa ndikulankhula ngati kholo. Mphunzitsi amene akuchita chibwenzi ndi mwana wasukulu, kapena wavulaza mwana pomumenya, ameneyo usamubise ngakhale aphunzitsi akuchepa chotani. Nkhaniyo ipite kwa a PEA ndi kwa oyenera tsiku lomwelo. Aphunzitsi abwino nawonso amanyansidwa kugwira ntchito pamalo pomwe zoterezi zimakwiriridwa.

Atatu opempha transfa aja, ukhale nawo pansi mmodzimmodzi, osati pamodzi. Usayambe ndi kukana. Funsa chifukwa chenicheni. Wina ukapeza kuti mwamuna wake ali boma lina ndipo banja likugwedezeka, ameneyo musainire, umuthandize kupeza wosinthana naye kuti sukulu isatsale ndi dzenje. Wina ndi matenda, akufuna pafupi ndi chipatala, ameneyonso usamuvutitse. Koma ndikukuuza, mwa atatuwo pakhala amene vuto lake ndi denga lodontha, kapena kalasi imene inamulemera, kapena mawu amene hedi wakale anamuyankhula. Ameneyo umuuze kuti akupatse teremu imodzi, ndipo mu teremu imeneyo uchite zimene wanenazo.

Amene akufuna kupitiriza maphunziro, kaya ku koleji ya Domasi, kaya ya Nalikule, kaya akufuna kulembanso MSCE kuti akonze magiredi, usawatsekereze poopa kuti akachoka. Mulembere kalata yabwino, musinthire ndandanda kuti apeze nthawi yowerenga. Inde, ena akadzatenga dipuloma adzapita ku sekondale. Koma zaka zimene akukonzekerazo amagwira ntchito ndi mtima wonse, ndipo mbiri imamveka m'zoni monse kuti kwa ahedi aja munthu amakula. Aphunzitsi amauzana, mphwanga. Akakumana ku TDC kapena pa mzere wa ku banki pa mapeto a mwezi, amakambirana kuti sukulu yabwino kugwirako ndi iti.

Ndiye sabata ino uyendere nyumba zija, ukhale pansi ndi atatuwo, uonenso ndandanda ya makalasi, makamaka amene ali ku Sitandade 1 ndi 2. Ukatero undiimbire Loweruka madzulo, undiuze zimene wapeza, tikambirane za mmene ukayankhulire kwa a gulupu, chifukwa kumeneko kuli kayankhulidwe kake. Upereke moni kwa apabanja ako ndi ana. Mlongo wanga, ndikudziwa mukumvera pagulu pano, mwana wanuyu muzimuimbira, ntchito wapatsidwayi ndi yolemera.