Hilux ya V8 ikulira pa msewu wa ku Lusaka: ndisinthe axle yonse kodi?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa m'bale wina wa kuno ku Chipata. Akuti Hilux yake yakale, ija yokoka ndi matayala akumbuyo okha, adaichotsa injini ya dizilo n'kuikamo V8 ya Lexus yotchedwa 1UZ. M'tauni ikumusangalatsa, koma akangoloza ku Katete pa liwiro la 100, singano ya injini imakhala pa 3,200, ndiko kuti injini ikuzungulira ka 3,200 pa mphindi, ndipo petulo akutha ngati thanki yabooka. Anzake akumuuza kuti agule axle ya galimoto ina yaikulu, ena akuti awotcherere difu, bokosi la magiya lija la pakati pa axle limene limagawira mphamvu matayala awiri akumbuyo.

Achimwene, ndalama zanu zisungeni kaye m'thumba. Axle yanuyo ilibe mlandu. Difu ya Toyota ya mainchesi 8 imene ma Hilux akale ambiri ali nayo ndi yolimba, ndipo ubwino wake waukulu ndi wakuti mutu wake umatuluka wonse kutsogolo: mumasolola ma shaft, kumasula propshaft (chitsulo chachitali chobweretsa mphamvu ku difu kuchokera ku giyabokosi) ndi manati, basi wagwera m'manja. Ndi mapangidwe omwewa amene adatchukitsa axle ya Ford ya mainchesi 9, imene idayamba kupangidwa mu 1957 ndipo a mipikisano ku America akuifunabe mpaka lero. Chimene chikukuvutani ndi mano a m'katimo, amene adawerengedwera injini ya dizilo yofooka yosenza matumba a chimanga.

M'difu muli magiya awiri olumana, laling'ono lotchedwa pinion ndi lalikulu lotchedwa crown wheel. Mukagawa mano a lalikulu ndi mano a laling'ono mwapeza ratio. Mano 41 pa 9 ndi 4.56, kutanthauza kuti propshaft izungulira kanayi ndi theka kuti tayala lizungulire kamodzi. 41 pa 10 ndi 4.10, ndipo 43 pa 11 ndi 3.91. Nambala ikakula galimoto imanyamuka mwaukali koma injini imalira pa mtunda wautali. Ikachepa injini imapuma, koma ponyamuka imayamba mwaulesi.

Musanagule kanthu, dziwani imene muli nayo, ndipo musakhulupirire za pakamwa. Ikani miyala kumatayala akutsogolo, giya ikhale pa fuli, kwezani tayala limodzi lakumbuyo ndi jeke, linalo likhale pansi. Lembani choko pa tayala ndi pa propshaft. Zungulizani tayalalo kawiri ndendende, mnzanu akuwerenga propshaft. Nambala imene apeze ndiyo ratio yanu. Tayala likakana kuzungulira ndiye kuti difu ndi ya LSD (mtundu wa difu yoletsa tayala limodzi kuzungulira lokha mopitirira) kapena wina adaiwotcherera kale; pamenepo kwezani onse awiri n'kuzunguliza kamodzi kokha.

Tiyerekeze kuti mwapeza 4.56. Mukaika 4.10, 3,200 uja atsika kufika cha m'ma 2,880. Mukaika 3.91 afika cha m'ma 2,750. Ine ndikadasankha 3.91. Injini ya malita 4 siyisowa kuthandizidwa ponyamuka, ndipo ulendo wa ku Lusaka, woposa makilomita 550, mudzauyenda mukumvana polankhula m'galimoto. Koma musatsikitse mopitirira. Amene adayendapo zitunda za pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, thiraki ili patsogolo inu mukufuna kuipitirira, akudziwa kuti pamafunika galimoto yoyankha nthawi yomweyo. Kumbukiraninso matayala: mukavala okulirapo, ndi chimodzimodzi mwatsitsa ratio kale.

Za kuwotcherera difu ndikukana, ndipo ndikukana ndi mtima wonse. Pokhota, tayala lakunja limayenda mtunda wautali kuposa lam'kati, ndipo difu idaikidwa kuti ilole zimenezo. Mukaimanga, tayala lina liyenera kukhwekhwereka pansi. Pa bwalo la masewera otsetsereka n'zomveka. Pa msewu wa ku Mwami mvula itagwa, kumbuyo kulibe katundu, V8 ikukankha, thako la galimoto lidzakupitirirani musanazindikire, pomwe m'mbali mwa msewu muli njinga ndi ana asukulu. Ngati tayala limodzi likumazungulira lokha, funani LSD ndipo muzithira oyilo wake wa LSD.

Ine ndidapsapo m'manja zaka zapitazo. Ndidapereka difu ku galaja ina, iwo n'kutenga pinion ya difu ina kuilumanitsa ndi crown wheel yanga chifukwa mano ankafanana kuchuluka. Ndisanafike n'komwe ku Sinda inali ikulira ngati mphepo ya mu Julayi, ndipo sidathe miyezi iwiri. Magiya awiriwa amapalidwa pamodzi ku fakitale, sasiyanitsidwa. Choncho gulani mutu wathunthu, werengani mano ndi chala chanu, yang'anani ngati sadagumuke. Makaniko akamamanga magiya atsopano, imani pomwepo muone akupaka utoto pa mano kuti aone polumana, ndiponso akuyeza mpata wa pakati pa mano ndi geji.

Mukaumirirabe axle yonse, yezani m'lifupi mwake, pokhala masipuling'i, mapaipi a mabuleki ndi chingwe cha handibuleki. Onaninso mabowo a malimu, poti Hilux yakale ya 4x4 ili ndi 6 pomwe zambiri zonga yanu zili ndi 5. Owerenga a 4x4, inu mukasintha kumbuyo musinthenso kutsogolo, apo ayi mudzaswa transfer case, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo.

Chinanso: ngati sipidomita yanu imawerengera ku giyabokosi, mukachoka pa 4.56 kupita pa 3.91 idzayamba kunama. Ikamaonetsa 100 mudzakhala muli cha m'ma 116. Tsiku loyamba yendani ndi GPS ya pa foni, mulembe manambala enieni pa kapepala n'kumata pa dashibodi apolisi a kamera asanakuimitseni.