Zitosi za nkhuku m'dimba la mpiru

Achimwene, mwafunsa ngati zitosi zomwe mumagula ku mafamu ozungulira Johannesburg zingasiye mankhwala m'dimba lanu. Inde, zimatheka. Nkhuku ikamwa mankhwala opha tizilombo toyambitsa matenda ngati oxytetracycline, gawo lalikulu limatuluka ndi zitosi lidakali ndi mphamvu, ndipo limakakamira m'dothi kwa miyezi. Kunotu ku South Africa mankhwalawa amagulitsidwa popanda kalata ya dokotala wa ziweto, malinga ndi lamulo la Act 36 la 1947, ndiye ena amangothira m'madzi a nkhuku mwachisawawa. Ine chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi tizilombo tam'dothi tomwe timazolowera mankhwalawo mpaka osamvanso. Musathire zitosi zaziwisi pamizere. Ziunjikeni ndi udzu wouma, muzitembenuza mpaka muluwo utenthe mkati n'kuwolerana, kenako muthire.