Alamu, walk-on si sikolashipu, tiwerenge kaye ndalama

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko ku South Bend? Uthenga wanu uja ndaumvetsera, ndipo ndati ndiyankhire pagulu pompano m'malo mokuimbirani panokha, chifukwa ndaona amalume ku Dedza ayamba kale kuthokoza kuti mwana wapeza sukulu yaulere. Ndiye ndi bwino tonse timvere limodzi. Mwafunsa kuti kochi wa basketball wa ku yunivesite ya Division I ija (gulu lapamwamba kwambiri pa masewero a makoleji ku America), ya kunja kwa Indiana, wauza mnyamata wathu kuti apite ngati preferred walk-on, ndiye kodi ndiye kuti fizi amulipirira? Ayi alamu, samulipirira. Ndanena poyambirira pomwe kuti musagone ndi chiyembekezo chimene palibe.

Walk-on ndi mwana amene ali m'timu koma timuyo siikapo ndalama pa sukulu yake. Alipo a mitundu iwiri. Wina amafika pasukulu ngati wophunzira wina aliyense, n'kukayesedwa tsiku limene makochi aitana ofuna kulowa, kaya amutenga kaya amusiya. Winayo ndiye ngati wathuyu, kochi wamuona kale, wamukonda, wamusungira malo, sakayesedwanso. Chimenecho si chinthu chaching'ono, ndipo mnyamatayu timuyamikire, wakhetsa thukuta. Jezi amupatsa, nsapato amupatsa, akavulala madokotala a timu amuona, omuthandiza pa maphunziro alipo, ndipo kuyambira 2014 malamulo a NCAA, bungwe loyang'anira masewero a makoleji, amalola kuti nawonso ma walk-on azidya chakudya cha timu. Koma fizi, chipinda chogona, mabuku, ulendo wobwera kunyumba pa Khirisimasi, zonsezo ndi thumba lanu. Zili ngati akupatsani benchi pamalo abwino mumsika, koma katundu wogulitsa mukaode nokha.

Tsopano tiyeni ku ndalama, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Bungwe la College Board limatulutsa mitengo chaka ndi chaka. M'chaka cha 2024-25, yunivesite ya boma, mwana wa state yomweyo ankalipira fizi yokha pafupifupi madola 11,600. Wochokera state ina, pafupifupi madola 30,800. Mwaona kusiyanako? Kalasi yomweyo, mphunzitsi yemweyo. Yunivesite zomwe si za boma ndiye zinali kupitirira madola 43,000. Mukaphatikiza pogona, chakudya, mabuku ndi mayendedwe, wa state yomweyo ankafika pafupifupi 30,000 pachaka, wa state ina pafupifupi 49,000. Mnyamata wathuyu akapita kumene akumuitanako ali m'gulu la 49,000 limenelo. Muchulukitse ndi zaka zinayi, mukuyandikira madola 200,000. Alamu, ine ndikudziwa maola amene inu ndi achimwene mumagwira. Ndalama imeneyo si yoyankha ndi chimwemwe cha tsiku limodzi.

Ndipo wina asakuuzeni kuti akakhalako chaka chimodzi ayamba kulipira ngati mwana wa kumeneko. Sukulu zambiri zimayang'ana kumene makolo akukhala ndi kumene akukhomera msonkho. Inu muli ku Indiana, iye amuwerengabe wa ku Indiana.

Mwina mukudzifunsa kuti nanga kochiyo akumufuniranji ngati sakumulipirira? Akumufunadi, sakunama. Timu imafuna anyamata olimba pa training. Sabata imene akukakumana ndi timu ina, ma walk-on ndi amene amaphunzira kaseweredwe ka adaniwo, n'kumasewera ngati iwowo kuti anyamata oyamba azolowere. Ntchito yolemekezeka, koma yobisika. Tsiku la masewero ambiri amakhala pa benchi, amalowa mphindi imodzi kapena ziwiri zomaliza, timu ikakhala kuti yapambana kale kapena yagonja kale. Maulendo ena akutali samapita nawo n'komwe. Chikhalirecho nthawi amapereka yofanana ndi anzake a sikolashipu. Pa pepala lamulo limati maola 20 pa sabata nyengo ya masewero, koma mukaonjeza maulendo, kuthandizidwa zovulala ndi zina, zimapitirira. Ndiye zoti azigwira kaganyu madzulo kuti azithandizira fizi, muziiwale kaye. Mwana ameneyo azidzuka kusanache, kalasi, training, kuwerenga, kugona.

Palinso china chimene chasintha posachedwa, ndipo makolo ambiri sanachimve. Kwa zaka zambiri timu ya anyamata ya Division I inkaloledwa masikolashipu 13 okha, ya atsikana 15, ndipo kochi ankatha kuonjezera ma walk-on angapo pamwamba pake. Mu June 2025 woweruza Claudia Wilken anavomereza mgwirizano wothetsa mlandu wotchedwa House, umene osewera a m'makoleji anasumira NCAA. Sukulu zimene zalowa mu mgwirizanowu tsopano sizikuwerenganso masikolashipu, zikuwerenga mitu: anthu 15 basi pa timu ya basketball. Akafuna atha kuwalipirira onse 15, koma palibe chowakakamiza. Kwa walk-on zimenezi zili ndi mbali ziwiri. Mwayi woti mwina amupatseko kenakake ulipo. Koma malo achepa, ndipo kukapezeka mnyamata wina amene kochi akumufunitsitsa, woyamba kusunthidwa ndi amene timu sinasainirane naye kalikonse.

Ndipo anyamata otero amapezeka chaka chilichonse. Kuyambira 2018 kuli chimene amati transfer portal, kumene osewera ofuna kusintha sukulu amalembetsa, ndipo kuyambira 2024 munthu atha kusamuka kangapo osadikira chaka asanasewere. Kale sikolashipu ikatsala, kochi ankayang'ana pa benchi pake n'kuti, uyu wapirira nafe, timupatse. Zimachitikabe, mumaziona pa mavidiyo anzake akumukumbatira mwana akulira. Koma lero kochi akhoza kungotenga wa zaka 22 amene wasewera kale zaka zitatu kwina. Ndiye mawu aja mwanena akuti "akachita bwino chaka chamawa tidzaona," alamu, amenewo si ndalama. Kochiyo atha kunena ndi mtima woona, koma chaka chamawa iye mwini akhoza kukhala atachotsedwa kapena wapeza ntchito kwina, ndipo wobwerayo sakumudziwa mwana wathu. Chimene chili chenicheni ndi chimene chalembedwa pa kalata ya thandizo la ndalama yochokera ku ofesi ya sukulu, yosainidwa.

Ndikudziwa achimwene atchula Scottie Pippen, chifukwa ndi munthu wawo kuyambira kale. Zoona, Pippen analowa ku Central Arkansas mu 1983 wopanda sikolashipu ya basketball, ankathandiza ndi ntchito za timu, ndipo mu 1987 anasankhidwa wachisanu pa draft, pamene matimu a NBA, ligi yaikulu ya basketball, amasankha osewera atsopano, n'kudzatenga zikho zisanu ndi chimodzi ndi Chicago Bulls. Koma taonani bwino nkhani yakeyo. Inali sukulu yaing'ono, nthawi imeneyo inali mu NAIA, bungwe lina la masewero a makoleji aang'ono, ya m'state ya kwawo komweko ku Arkansas, ndipo anatalika ndi mainchesi pafupifupi 7 ali ku koleji. Sanapite kutali kukalipira mtengo wa alendo kuti akhale pa benchi. Anapita kumene akanasewera. Jimmy Butler anayambira ku Tyler Junior College ku Texas, kenako Marquette, n'kusankhidwa wa nambala 30 mu 2011. Ben Wallace anadutsa ku koleji ya zaka ziwiri ku Cleveland, kenako Virginia Union ya Division II, pa draft sanatengedwe n'komwe, koma lero ali mu Hall of Fame, m'ndandanda wa akatswiri olemekezeka kwambiri. Onsewa chimene anali nacho ndi mphindi zosewera. Munthu amakula pa mpira akamasewera, ndipo makochi ena amakuona ukakhala m'bwalo.

Ndiye ine ndikanakonda mnyamatayu asatseke maso ku zitseko zinazo chifukwa choti dzina la Division I likukoma m'kamwa. Ku Division II timu imakhala ndi ndalama zokwana masikolashipu 10, ndipo amazigawa zidutswa, wina theka, wina kachigawo kochepa, n'kuphatikiza ndi thandizo la magiredi abwino. Ku NAIA ndi 8, nakonso amagawa, ndipo sukulu zake muli nazo pakhomo pomwepo, Bethel ku Mishawaka, IU South Bend. Mwana akhoza kumagona kunyumba, ndalama ya chipinda ndi chakudya yonse ija n'kupulumuka. Ku Division III sapereka ya masewero ngakhale pang'ono, koma ya maphunziro ndi ya kuvutika kwa banja imakhalapo, ndipo nthawi zina imatsitsa mtengo kwambiri. Ndiye pali makoleji a zaka ziwiri. A Division I ya NJCAA, bungwe la masewero a makoleji amenewa, amaloledwa kulipira zonse, fizi, pogona, chakudya ndi mabuku, ndipo ku Indiana komweko kuli Vincennes, imene inatenga chikho cha dziko lonse mu 2019. Kumeneko mpikisano ndi woopsa, musaganize kuti ndi kosavuta kulowa, koma makochi a Division I amapitako kukasaka.

Chinthu choti muchite sabata ino, ngati simunachite, ndi kudzaza FAFSA, fomu yopemphera thandizo la boma la ndalama za sukulu. Poti anabadwira konkuno, ali ndi ufulu wa thandizo la boma. Pell Grant, ndalama ya boma yosabweza, m'chaka cha 2025-26 ikakwera kwambiri inali madola 7,395, ndipo zimatengera malipiro anu, mwina apeza yochepa, mwina ayi. Ngongole ya boma imene mwana wa chaka choyamba angatenge pa dzina lake ndi madola 5,500. Tsono ikani zimenezo pambali pa 49,000 ija muone dzenje lotsala. Pa dzenje limenelo sukulu ikhoza kukutchulirani Parent PLUS, ndipo imeneyo ndi ngongole ya pa dzina lanu, osati la mwana. Akasiya mpira chaka chachiwiri, kaya wavulala bondo, kaya wangotopa, ngongoleyo ikhalapobe, ndipo kumbuyo kwake kuli alongo ake awiri amene nawonso akubwera.

Za NIL zimene anyamata akuuzana, zoonadi kuyambira July 2021 osewera amaloledwa kupeza ndalama pa dzina lawo ndi zithunzi zawo, ndipo mgwirizano wa 2025 uja unalola sukulu kugawana ndi osewera mpaka pafupifupi madola 20.5 miliyoni m'chaka cha 2025-26. Koma ndalama zimenezo zimathamangira ku football ndi kwa akatswiri oyamba. Walk-on akapezako kangachepe, ndi mwayi. Musakawerengere pa bajeti.

Abale a kumudzi amene muli ndi ana aatali amene akulota zobwera kuno, imvaninso apa. Mwana wobwera ndi viza ya sukulu alibe Pell, alibe ngongole ya boma, ndipo sukulu isanamupatse pepala la I-20, lofunika popempha vizayo, imafuna umboni woti ndalama za chaka chonse choyamba zilipo. Munthu akakuuzani kuti mumulipire kuti akupezereni malo a walk-on ku America, dziwani kuti akukugulitsani malo amene mudzalipirenso nokha.

Tsono alamu, mukamayankhula ndi kochiyo musachite manyazi, ndinu kholo, ndipo mafunso awa amawamva tsiku ndi tsiku. Mumufunse ngati sukulu yawo inalowa mu mgwirizano wa anthu 15 uja, ndipo ngati inalowa, mwana wathu ndi wa nambala chani pamenepo. Mumufunse kuti m'zaka zisanu zapitazi ndi ma walk-on angati amene anadzalandira sikolashipu pa timu yake, atchule ndithu, ndipo ngati n'kotheka mulankhule ndi kholo la mmodzi. Mumufunse ngati malowo ndi a chaka chimodzi kapena kupitirira, ngati azipita nawo maulendo, komanso akavulala kwambiri, opaleshoni alipira ndani, inshuwalansi yanu kapena ya sukulu. Kenako muimbire ku ofesi ya thandizo la ndalama, osati kwa kochi, akuuzeni mtengo weniweni umene utsale akachotsa zonse zimene mwana angapeze ndi magiredi ake. Magiredi ake ndi abwino, ndipo mwina ndalama yake yeniyeni ili kumeneko.

Funso limene ine ndingamufunse mwini wakeyo ndi limodzi. Mpira atauchotsapo, sukulu imeneyi akanaisankhabe, ndipo banja likanakwanitsa? Akati inde pa zonse ziwiri, apite, ndipo ine ndidzakhala woyamba kugula tiketi kukamuona ngakhale atalowa mphindi imodzi. Koma ngati kukwanitsa kwake n'kodalira sikolashipu imene sinalembedwe paliponse, mtima wanga sukuvomera.

Chonde pomuuza musamuphwanye mtima. Mwana ameneyu wamva kochi wa Division I akutchula dzina lake, kwa iye ndi chinthu chachikulu, ndipo ndi chachikuludi. Mukhale naye pansi, mumuonetse manambala, awerenge yekha, ndi wamkulu tsopano. Mumuuze andiimbire Loweruka masana ndikaweruka, ndipo kalata iliyonse imene sukulu zatumiza, ya kumeneko ndi ya kwina konse, muijambule munditumizire kumbali tisanalankhule. Moni kwa achimwene ndi ana.