Kodi ndilembe ndekha pulogalamu yosungira ma thesis?

Funso: Ndangoyamba kumene ntchito ya ICT ku laibulale ya yunivesite ina. Abwana akufuna kuti ma thesis ndi kafukufuku wa aphunzitsi zizipezeka pa intaneti. PHP ndi MySQL ndimazidziwa bwino, ndiye ndikuganiza zongolemba ndekha pulogalamuyo. Mungandilangize zotani?

Yankho: Achimwene, luso lanulo lidzagwira ntchito, koma osati pamenepa. Tengani DSpace, pulogalamu yopangidwa kale yosungira kafukufuku pa intaneti. Ndi yaulere, inatuluka mu 2002 kuchokera ku yunivesite ya MIT ku America mogwirizana ndi kampani ya HP, ndipo malaibulale ambiri a mayunivesite amasungiramo kafukufuku wawo. Ngati abwana adzafunanso zobwereketsera mabuku, imeneyo ndi ntchito ya pulogalamu ina yotchedwa Koha, yomwe inayambira ku New Zealand. Musazisakanize ziwirizi.

Tsamba loti munthu aikepo PDF mukhoza kulilemba sabata imodzi. Chovuta ndi zomwe wowerenga saziona. Thesis iliyonse imafuna linki yosasintha, yoti wina akaitchula mu pepala lake lero, idzatsegukebe ngakhale mutasintha seva. DSpace imachita zimenezi kudzera mu Handle, njira yopatsa chikalata chilichonse nambala yake yosasintha. Imalankhulanso OAI-PMH, njira yomwe malaibulale ena amakolorera mitu ndi maina a olemba kuchokera kwa inu. Izi mukazilemba nokha, tsiku lomwe mudzachoke pantchitopo palibe adzazimvetse.

Konzekani kuphunzira zatsopano. Kuyambira DSpace 7 ya mu 2021, mbali yomwe anthu amaona inalembedwa mu Angular, kumbuyo kuli Java, PostgreSQL ndi Solr, yomwe imayendetsa kusaka. PHP mulibe.

Tsopano nkhani ya backup, yomwe imandidetsa nkhawa kwambiri. Mukatsegula foda yotchedwa assetstore, momwe DSpace imasungira mafailo, simupezamo "thesis ya uje.pdf". Mupeza timafoda tambirimbiri ndi mafailo a maina osamveka. Chomwe chimadziwa kuti failo iyi ndi ya ndani ndi database. Ndiye mukakopera assetstore yokha, mwasunga mabuku opanda zikuto. Mukakopera database yokha, mwasunga zikuto zopanda mabuku. Koperani zonse ziwiri nthawi imodzi, muziike pa makina ena kunja kwa chipinda cha seva, ndipo muziyesa kuzibwezeretsa kuti muone ngati zikutsegukadi.

Magetsi akathima mwadzidzidzi, nthawi zina mudzapeza kuti kusaka sikukubweretsa kanthu. Mtima usathamange. Kawirikawiri mafailo amakhala alipo, chasokonekera ndi index ya Solr, mndandanda womwe kusaka kumadalira. Onani kaye ngati Solr yadzuka, kenako lamulani dspace index-discovery -b kuti imangidwenso. UPS ya seva, batire yothandiza magetsi akathima, muipemphe msanga, bajeti isanatsekedwe.

Sabata yoyambayi mukhale pansi ndi amene amalemba katalogi, mugwirizane kalembedwe ka maina a olemba, chaka ndi dipatimenti. Dzina limodzi likalowa m'njira zitatu, DSpace idzaliona ngati anthu atatu.