Chombo changa chinathyoka pakati alamu anga akuona

Imelo inafika Lachiwiri usiku, ndipo ndinaiwerenga kanayi ndisanagone. Wolemba ndi bambo wa zaka 43, dzina sinditchula. Akuti ali ndi maseti 7 a LEGO, tinjerwa tapulasitiki tolumikizana tija, onse a zombo za m'mlengalenga, onse anawamanga motsatira kabuku ndipo ali ndandanda pashelefu. Tsopano akufuna kumanga chombo cha m'mutu mwawo, koma tinjerwa alibe tokwanira, ndiye akufunsa kuti agule tingati komanso totani kuti ayambe. Pothera penipeni anaikapo kamzere aka: "Zomwe ndinamanga kale sindikufuna kuziphwasula, mundimvetse."

Achimwene, ndakumvetsani, ndipo n'chifukwa chake kamzereko kandibaya. Mawu amenewo ndi anga enieni. Ndinawayankhula zaka zinayi zathunthu.

Ine tinjerwa ndinatidziwa ndili ndi zaka 8, totsala kwa msuweni wanga, todzaza theka la kachitini. Munali tabuluu, totuwa, ndi kagalasi kamodzi kachikasu kooneka mkati, kokandikakandika. Sindinkadziwa kuti kagalasiko kanachokera ku zombo zoyambirira zimene kampaniyi inatulutsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, nthawi ya Galaxy Explorer ya mu 1979 ija imene akuluakulu ambiri amaikumbukirabe ngati chibwenzi choyamba. Ine ndinkangodziwa kuti ukaika kagalasiko kutsogolo kwa chilichonse, chinthucho chasanduka chombo. Kabuku ndinalibe. Ndinkamanga m'mawa, masana n'kuphwasula, madzulo china. Palibe chombo chimene chinagonapo masiku awiri.

Kenako ndinakula, kachitini kanasowa, ndipo kwa zaka zoposa 20 sindinakhudzenso kanjerwa. Okonda masewerawa nyengo imeneyi anaipatsa dzina, amati dark ages, zaka za mdima. Ndinatulukamo mwangozi. Ndinagulira mwana wanga wamkazi kaseti kakang'ono, iye anatopa nako patsamba lachisanu n'kukagona, ine ndinati ndingomuthandiza pang'ono. Tambala woyamba anandipeza ndili patebulo. Sipanapite nthawi ndinagula seti ya Saturn V, roketi yopititsa anthu kumwezi, ija inatuluka mu 2017, ya tizidutswa 1,969, nambala imene anaisankha dala pokumbukira chaka chimene anthu anaponda pamwezi. Kutalika kwake pafupifupi mita imodzi. Nditamaliza ndinaiimika pakona, ndipo kuyambira tsiku limenelo m'nyumba munabadwa lamulo latsopano: osakhudza za adadi. Loweruka lililonse ndinkaipukuta fumbi ndi kaburashi kopentera. Munthu yemwe ndili mwana ndinkaphwasula chombo katatu patsiku ndinali nditasanduka mlonda.

Chilakolako chomanga changa chinalipo ndithu, ngati chanucho. Koma ndinkati ndidikire kaye tinjerwa tikwane. Podikirapo ndinapeza Studio, pulogalamu ya pakompyuta imene umamanga ndi tinjerwa tosatha, ta mtundu uliwonse. Ndinathera miyezi yambirimbiri mmenemo kujambula chombo chachikulu, chokongola, cha mainjini 6. Anzathu pa intaneti ali ndi mwambo wa chaka ndi chaka mu September, amautcha SHIPtember, pomwe aliyense amayesa kumanga chombo chosachepera timitu 100 m'litali mwezi usanathe. Timitu ndikunena ndi tozungulira tija ta pamwamba pa kanjerwa. Kuchoka pakati pa kamutu kamodzi kufika pa kanzake ndi mamilimita 8, ndiye timitu 100 ndi masentimita 80. Ndinati chombo changa choyamba chikhale chimenecho basi. Taonani kupusa kwake, munthu woti sanamangepo ngakhale kachombo kokwana m'dzanja chikulire.

Tizidutswa ndinatiitanitsa pa BrickLink, msika wa pa intaneti umene unayamba m'chaka cha 2000, komwe anthu amagulitsana kanjerwa kamodzikamodzi. Timaphukusi tinayamba kufika, ndipo nditatsegula mutu unaima. Totuwa tanga tinali ta mitundu iwiri. Cha mu 2004 kampaniyi inasintha mtundu wotuwa, wakale unkapendekera ku chikasu pomwe watsopano umapendekera ku buluu, ndipo pamsikapo amaigulitsa padera, mayina akenso ndi osiyana. Zonse zinalembedwa poyera, ine ndi amene sindinawerenge. Safunsa anadya phula. Ndinangoti bola, ndibisa takaleto mkati.

Ndinamanga milungu itatu. Kunja kwake, achimwene, chinali chinthu choti mungachijambule. Tsiku lomwe ndinamaliza kunabwera alamu anga, munthu wosabisa mawu. Analowa, anayang'ana tebulo, n'kufunsa kuti, "Alamu, zidolezi n'za mwana kapena n'zanu?" Ndinaseka chamumtima chikuwawa. Ndinafuna kuwaonetsa kuti ichi si chidole wamba, ndiye ndinalowetsa manja pansi pake, dzanja lina kumphuno lina kumainjini, n'kunyamula. Ndinamva kaphokoso kakang'ono kaye, ngati munthu akuthyola chala. Kenako mimba ya chombo inagwa, phwaa! Tinjerwa balala, tina kunsi kwa firiji, tina m'nsapato za alamuwo pakhomo. Ine ndinatsala nditagwira mphuno dzanja ili, mainjini dzanja ilo, kukamwa kuli yasa. Alamu anga sanaseke n'komwe. Anawerama, anatola kanjerwa kamodzi n'kundipatsa mwaulemu, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa chikhakhali.

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Chombocho chinalibe msana. Pakompyuta zinthu sizilemera, chilichonse chimene walumikiza ndi kamutu kamodzi chimangokhala m'malere mpaka kalekale. Pomwe tinjerwa tenitenti tili ndi khalidwe lake. Chimene chimatigwiritsa ndi timachubu ta pansi tija timene timapana timitu, nzeru imene analembetsa mwalamulo mu January 1958. Mukatipanikiza kuchokera pamwamba timalimba zedi, koma mukatipinda ngati mukuthyola ndodo timasiyana mosavuta. Chombo chachitali mukachinyamula kunsonga, pakati pake pamapindika chimodzimodzi. Ine ndinangosanja timapuleti, tinjerwa topyapyala tija, tina pamwamba pa tinzake n'kumadzitama.

Mankhwala ake ndinawadziwa pambuyo pake, ndipo ndi masamu a mwana wa pulayimale. Kanjerwa kamodzi n'kokwera mamilimita 9.6, kapuleti 3.2, ndiye timapuleti titatu ndi kanjerwa kamodzi. Timapuleti tisanu ndi mamilimita 16, ofanana ndendende ndi timitu tiwiri. Choncho mukatenga njerwa ziwiri za Technic, zija zoboola m'mbali, n'kuika timapuleti tiwiri pakati pawo, mabowo ake amayang'anizana ndi bowo loyamba ndi lachitatu la mtanda woimirira. Mukakhomerapo timapini, ngakhale mutagwedeza bwanji sizisiyana. Msana wa chombo ndi umenewo. Masamu omwewa ndi amene amatheketsa kumanga cham'mbali, timitu titayang'ana kumanja kapena kumanzere, kuti khoma la chombo lioneke losalala. Eni masewerawa amati SNOT, chidule cha Studs Not On Top, kutanthauza kuti timitu sitili pamwamba, koma pa Chingerezi mawuwa amatanthauzanso mamina. Dzina loipa, luso labwino.

Koma chimene chinanditembenuza si masamu ayi. Usiku womwewo ndinasesera zonse m'beseni, ndilibe nazo ntchito, ndipo lamulo la osakhudza lija ndinaliiwala. M'mawa ndinapeza mwana wanga ali chikhalire pambali pa beseni, m'dzanja muli kachombo kotalika ngati supuni. Totuwa takale ndi tatsopano anatisakaniza osasamala, ndipo kachomboko kanaoneka ngati kayendadi maulendo, kopakidwa zigamba. Kumbuyo, pamalo pa injini, anaika timagudumu tiwiri topanda matayala. Ankakauluza m'chipinda monse, pakamwa pali "shuuu", osagwa kanthu. Anakamanga nthawi yochepa kuposa yomwe ine ndinkathera posankha mtundu wa chitseko chimodzi. Ndinachita nsanje, ndisanamizire kuti ndinanyadira chabe.

Madzulo ake ndinatsitsa seti imodzi pashelefu n'kuiphwasula. Manja ankanjenjemera, ndikunena zoona. Patatha sabata ndinatsitsa ina.

Ndiye pano ndilankhula mosapsatira, ena akwiye. Shelefu ya maseti osaphwasulidwa ndi manda. Okongola, osesedwa bwino, koma manda. Wina anaganiza chombo chimenecho, anavutika nacho, anachikonza kambirimbiri, inu munangotsatira mapazi ake tsamba ndi tsamba. Si tchimo, inenso ndimakondabe kutsegula bokosi latsopano, ndipo m'timabukumo mumaphunziridwa zambiri. Koma musanene kuti mulibe tinjerwa muli ndi maseti 7 m'nyumba. Muli nato masauzande, mwangotitsekera m'ndende. Katswiri wa masamu wa ku Denmark, Søren Eilers, anawerengetsa kuti tinjerwa 6 tokha ta timitu 8, ta mtundu umodzi, tingalumikizidwe m'njira 915,103,765. Tisanu n'kamodzi basi. Ndiye inu mukudikira chiyani? Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndipo amene amamata tinjerwa ndi guluu kuti chombo chisadzagwe, amenewo sindiyankhula nawo n'komwe.

Mwina pansi pa funso lanu pali manyazi, pakuti munanditchulira zaka zanu ndisanakufunseni. Seti ya pashelefu imadziteteza yokha. Mlendo akafunsa mumati ndi roketi ya Apollo, mbiri yakale iyi, ndipo amagwedeza mutu. Kampaninso inazindikira, kuyambira 2020 mabokosi ena amalembedwa 18+ kuti bambo asamachite kunama kuti akugulira mwana. Koma chombo cha m'mutu mwanu chilibe pobisala. Chikakhala chonyansa, ndinu. Ndikuganiza kuti ine zaka zinayi zija sindinkadikira tinjerwa, ndinkaopa kuti anthu aona mmene m'mutu mwanga mulili.

Apa ndipatuke pang'ono pa nkhani ya mapiko, chifukwa mukangoonetsa chombo chanu pagulu wina adzakuuzani kuti kuthambo kulibe mpweya, mapiko ngachiyani. Akunena zoona. Kachombo kamene kanatera pamwezi mu 1969 kanali ngati kangaude, kopanda phiko ngakhale limodzi, popeza sikanapangidwire kuuluka mumpweya. Zotambasuka zija za pa International Space Station, malo ofufuzira amene amazungulira dziko kuthambo, si mapiko, zina n'zotchera dzuwa kuti apeze magetsi, zina n'zotayira kutentha. Ine ndimaikabe mapiko, ndimawakonda, ndipo wotsutsa akamange chake. Chokhacho, kudziwa zimenezi kumathandiza. Mukadzifunsa kuti chombochi mafuta chimasunga pati, anthu amalowera pati, chikatentha chimazizira bwanji, maonekedwe amabwera okha. Tizinthu tating'onoting'ono tija timene anthu amamwaza pakhoma kuti pazioneka ngati pali mapaipi ndi mawaya, amati greebling, timakoma tikakhala m'mipata, pakati pa malo osalala. Mukatimwaza paliponse chombo chimaoneka ngati chadwala nthomba. Changa chachiwiri chinali choncho.

Tsono funso lanu lija

Mugule tingati? Musagule kalikonse. Sankhani seti imene mumaikonda pang'ono kuposa zinzake muiphwasule lero. Kabuku muli nako, kakasowanso timabuku tambiri timapezeka pa webusaiti ya kampaniyo, ndiye tsiku lomwe mwaisowa mudzaimanganso. Posanja tizidutswa tsatirani maonekedwe, osati mtundu. Kupeza kofiira pakati pa timapuleti tofanana n'kosavuta, koma kufunafuna kapuleti kamodzi m'mulu wa zakuda zokhazokha kumaliza maso.

Choyamba chikhale chaching'ono, timitu 15 kapena 20. Mitundu iwiri, wachitatu wongodontheza. Yambirani pa kagalasi ka woyendetsa kapena pa injini, zinazo zitsatire. Mukamaliza chinyamuleni ndi dzanja limodzi muchiuluze, chimene chagwa ndiye mwaphunzirapo. Chijambuleni, chigone sabata, muchiphwasule. Mukafika pa chachitatu mudzakhala mukudziwa nokha kachidutswa kamene kamakutherani nthawi zonse, ndipo kameneko ndiye mugule. Kwa ine tinali timabulaketi topindira cham'mbali, zomwe sindikanalota ndili pakompyuta paja. Mukasowa poyambira, pa webusaiti ya Rebrickable mumalemba manambala a maseti anu n'kuona zimene ena anamanga ndi tizidutswa tomweto.

Saturn V ija ndiye ndisakunamizeni, ikadali pakona. Ndinaiphwasula gawo lapansi lokha, mainjini ake asanu ali pa chombo china, ndipo yatsamira khoma ngati munthu wodulidwa mwendo. Kawiri konse ndatambasula dzanja kuti ndimalize, kawiri konse ndabweza. Alamu anga anabweranso mwezi watha, anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati nayonso ndinaigwetsa.